Makapu Makumi Awiri a Masamba a Anyezi

1. Kapu ndi khadi

Estele anali atagwira ntchito masabata awiri okha m'khitchini ya pamgodi wina kunja kwa tauni ya Bindura, koma ankayenda kale ngati kuti khitchiniyo singapume popanda iye. Tisamuseke kwambiri. Mtsikana amene wakhala chaka chathunthu kwawo ku Chipadze, dera lina la m'tauniyo, satifiketi ya Fomu 4 ili phee m'sutikesi, akapeza pogwira amayenda choncho ndithu.

Anamulemba moyeserera kwa mwezi umodzi. Khitchiniyo inali ya kakampani kena kamene kankaphikira amuna 150 ogwira ntchito pansi pa nthaka. Mmodzi mwa amunawo anali bambo ake a Estele, a Chrispen, amenenso anali mkulu wa komiti ya antchito. Iwowa anali atauza aliyense wokhala ndi makutu kuti mwana wawo ndiye akulemba malamulo a khitchini.

Wophika wamkulu anali Sekuru Pensulo, ndiye kuti agogo Pensulo m'Chishona. Makolo awo anachokera ku Dedza kalekale kudzagwira ntchito m'mafamu, ndipo iwo anabadwira konkuno n'kukalambira pa miphika ya pamgodi. Kumudzi analibe. Kwawo kunali kachipinda ka m'komboni ya mgodi, ndipo lamulo la kachipindako aliyense ankalidziwa: ntchito ikatha, kiyi umabweza.

Sekuru sankadziwa kulemba ngakhale kuwerenga. Chilichonse ankayezera kapu yachitsulo yosupuka m'milomo, imene ankaimangirira pa lamba ndi kachingwe. Munthu wina sankaloledwa kuigwira, ngakhale kumwera madzi.

Tsono mwini kampani analamula kuti maphikidwe onse alembedwe pa makhadi, ndipo alembedwe m'magalamu, kuti tsiku limene Sekuru adzadwale wina athe kuphika. Ntchitoyo inagwera Estele. Chishona Sekuru ankachidziwa, koma za mphika ankazifotokoza m'Chichewa basi, ati Chishona chimawasokoneza chiwerengero. Estele Chichewacho ankachimva bwino, poti nayenso chinali chilankhulo cha makolo ake, kungoti poyankha chinkamuthera panjira n'kumalizira m'Chishona.

2. Chenjezo la Lachisanu

Lachisanu madzulo anafika pa khadi la nyemba.

“Masamba a anyezi oduladula, makapu makumi awiri,” anatero Sekuru. “Ndimathira nyemba zitatsala pang'ono kupsa.”

Estele analemba m'kope, nayang'ana nthawi pa foni. Sekuru anamuona, ndipo anakhala pa ndowa yovundikira, chizindikiro chakuti nkhani italika.

“Iwe Estele, tamvera. Kapu iyi ndi imodzi, koma zimene ndimathiramo si zimodzi. Ndikathira mchere dzanja limamva kulemera. Ndikathira mpunga limamva mwina. Nanga masamba a anyezi? Amenewo theka lake ndi mphepo. Tang'amba tsamba limodzi uone, m'kati mwake ndi mphako. Ndiye usalembe za m'mutu. Udule monga ndimadulira ine, uthire m'kapu osatsendera, uike pa sikelo, ulembe chimene sikelo yanena. Ubwereze katatu, chifukwa masamba a ku Musana amabwera onenepa, a ku Masembura owonda. Ine kuwerenga sindidziwa, mwanawe. Chimene ulembe pakhadipo ndidzachitsata ngati wakhungu wogwidwa dzanja. Ukandilowetsa m'dzenje, anthu sadzafunsa amene analemba. Adzafunsa amene anaphika.”

“Ndamva, Sekuru,” anayankha Estele.

Kumva anamvadi. Koma sikelo inali m'chipinda chosungira katundu, ndipo makiyi anali atapita nawo m'tauni Mai Kuda, oyang'anira khitchini. Ku Chipadze kwaya ya achinyamata inkayamba 5 koloko, ndipo Lamlungu limenelo woyambitsa nyimbo anali Estele. Kombi nayo, minibasi ya kuno, siidikira munthu woyeza masamba.

Sekuru atatuluka kukataya makoko, Estele anafunsa foni. Foni inayankha mosazengereza kuti kapu imodzi ndi mamililita 250. Iye anakumbukira za kusukulu, kuti mililita imodzi ya madzi imalemera galamu imodzi. Anachulukitsa 250 ndi 20, napeza magalamu 5,000. Analemba pa khadi ndi zilembo zokongola: *Masamba a anyezi, makilogalamu asanu.*

Masamu ake analibe banga. Chokhacho n'chakuti anayeza madzi, pamene anamutuma masamba. Anaika khadilo pa tebulo la Mai Kuda, nathamangira kombi.

3. Mabeseni awiri

Lolemba linali tsiku loyamba kuphika motsata makhadi. Christine, mtsikana wosunga katundu, anayeza zonse monga mmene khadi linanenera. Masamba a anyezi anawabweretsa m'mabeseni awiri odzaza mpaka kusefukira.

Sekuru anaima chilili, chipande chili m'manja.

“Onsewa ndi a lero?”

“Khadi latero, Sekuru,” anayankha Christine.

“Hayikona. Awa ndi a sabata yonse.”

Mai Kuda anamva ali mu ofesi, natuluka. Anali mayi wachangu, wosakonda kubwereza mawu, ndipo sabata imeneyo mwini kampani anali atawaimbira foni kangapo za makhadi omwewa.

“Sekuru, tinagwirizana kale,” anatero m'Chishona. “Kuyambira lero chimalankhula ndi khadi. Za maso ndi za dzanja zatha. Thirani zimene zalembedwa.”

“Mai, ndaphika nyembazi inu musanabadwe. Masambawa achuluka.”

“Akaduladula amaoneka ambiri, akapsa amafota. Mwanayu anapita kusukulu, ndipo anayeza.”

Sekuru anatembenukira kwa Estele, amene anali pakona akusenda adyo. Anamufunsa motsitsa mawu, m'Chichewa, kuti ena asamve.

“Unayeza, mwanawe?”

Apa panali pabwino pobwerera. Nyemba zinali zisanaonongeke, amuna anali akadali pansi pa nthaka. Koma Mai Kuda anali atangonena kumene pamaso pa onse kuti mwanayu anapita kusukulu, ndipo mawuwo anali akukomabe m'makutu mwa Estele.

“Ndinayeza, Sekuru.”

“Katatu?”

“Katatu,” anayankha Estele mokweza, mpaka Mai Kuda anamva.

Sekuru anamuyang'ana kanthawi. Kenako ananyamula beseni loyamba n'kukhuthulira mumphika, nanyamulanso lachiwiri. Anayamba kutakasa.

4. Mbale zibwerera

Amuna a m'mawa ankalowa pansi tambala atangolira kumene, n'kutuluka 2 koloko masana. Munthu woteroyo safuna nkhani, amafuna mbale. Anafola pawindo la kantini, zisoti zili m'khwapa, nkhope zili mbuu ndi fumbi.

Pamene Sekuru anavundukula mphika, fungo la anyezi linakantha khitchini yonse. Nyemba zinali zitamira m'masamba. Msuzi unali wobiriwira, ndipo ukatapa ndi chipande unkananda ngati therere.

Woyamba analawa n'kulavula. Wachiwiri anangonunkhiza, nakankha mbale. Pasanapite nthawi, mbale zinayamba kubwerera pawindo zili zodzaza, ndipo masipuni anayamba kugogoda matebulo onse pamodzi.

“Tikudya udzu lero?” wina anafuula.

“Mdala wakalamba, apite akapume,” anatero wina.

Estele anasuzumira pawindo. Anaona bambo ake atakhala kumapeto kwa benchi, akudya sadza, nsima ya kuno, yokhayokha ndi mchere. Chinamuwawa kwambiri. A Chrispen atamaliza anaimirira n'kukweza dzanja, phokoso n'kuzizira.

“Abale, musaswe mbale. Komiti ikumana ndi mwini kampani 4 koloko lero lomwe, pompano. Amene waononga chakudya cha anthu ayankhe yekha.”

Potuluka anamuona Estele pawindo paja, namugwedezera mutu momulimbitsa mtima, ngati kunena kuti izi sizikukukhudza, mwanangu.

5. Epuloni pa tebulo

Mai Kuda anatseka windo n'kuitana Sekuru pakati pa khitchini. Anali ndi mantha, ndipo mantha a munthu waudindo amasanduka ukali msanga.

“Sekuru, makhadi simunawafune chiyambire. Aliyense akudziwa. Khadi ndi lolondola, linayezedwa katatu, ndamva ndekha. Ndiye mwachita chiyani? Mwathira nthawi yolakwika dala? Mwaonjezera ena kuseri kuti makhadi aoneke opusa?”

“Ndathira zimene mwandipatsa, pa nthawi yake.”

“Zvakwana, sindifuna kumva zambiri. Mwini kampani akubwera, ndipo afuna dzina. Vulani epuloni muike apo. Za kiyi wa m'komboni akakuuzani ku ofesi ya nyumba.”

Sekuru sanatsutse. Sanayang'anenso kumene kunali Estele. Anayamba kumasula mfundo ya epuloni kumbuyo, koma zala zinkalephera kuipeza.

Christine anamukokera Estele kuseri kwa chitseko cha chipinda chosungira katundu. Christineyo ndi amene ankasunga sikelo, ndipo ankadziwa bwino lomwe kuti Lachisanu siinatuluke.

“Nyarara, shamwari,” ananong'oneza. “Khala chete, ine sindiulula. Iwe uli pa mwezi woyeserera, ukangotsegula pakamwa wapita. Mdalayu zaka zake zakwana kale. Ukufuna kubwerera ku Chipadze kukagulitsa matimati pamsewu? Nanga bambo ako uwaika pati?”

“Nanga iwo akagona kuti?” anafunsa Estele.

“Si nkhani yako imeneyo.”

Estele anayang'ana pampata wa chitseko. Mfundo ija inali itamasuka. Sekuru anapinda epuloni bwinobwino monga ankachitira tsiku lililonse, naiika pa tebulo. Kenako anagwira kapu ya pa lamba ija, ngati akuonetsetsa kuti china chilipo chimene sanawalande.

Estele ananyamula sikelo pa shelefu. Christine anamugwira mkono, koma iye anaukoka n'kutuluka.

6. Chimene sikelo inanena

Anaika sikelo pa tebulo pafupi ndi epuloni ija.

“Mai, ndikupempha mphindi zisanu. Sekuru, ndibwerekeniko kapu.”

Sekuru anayang'ana kapu, nayang'ana mtsikanayo. Anamasula kachingwe n'kumupatsa.

Estele anaika kapu yopanda kanthu pa sikelo, nadina batani kuti sikelo iiwale kulemera kwa kapuyo. Anadzazamo madzi. Sikelo inaonetsa magalamu 250.

“Ndi zimene zili pa khadi,” anatero Mai Kuda. “Kapu imodzi 250, makapu makumi awiri makilogalamu asanu. Ndiye vuto lili pati?”

Estele anataya madzi n'kupukuta kapu. Anatenga masamba a anyezi otsala m'dengu, nawadula timizere tating'ono monga ankadulira Sekuru. Mpeni unkaterereka m'manja mwake chifukwa cha thukuta. Anathira m'kapu osatsendera, naika pa sikelo.

Magalamu 80.

Anakhuthula n'kudzazanso. Magalamu 75. Kachitatu, 85. Kenako anatsendera masamba ndi chala chachikulu mpaka kapu kulimba, koma sikelo siinapitirire 120.

Mai Kuda anawerama, maso ali pa manambala.

“Pakatikati pake ndi 80,” anatero Estele. “Makapu makumi awiri ndi magalamu 1,600. Kilogalamu imodzi ndi theka, kuposerapo pang'ono. Ine ndinalemba asanu. Sekuru athira kuposa katatu muyeso wawo, chifukwa cha khadi langa.”

“Koma unati unayeza.”

“Sindinayeze, Mai. Sikelo inali yotsekeredwa, ine ndinkathamangira kwaya. Ndinafunsa foni za kapu, ndinatenga kulemera kwa madzi. Sekuru anandichenjeza Lachisanu. Lero m'mawa anandifunsanso, ndipo ndinanama.”

Anatembenukira kwa Sekuru n'kugwada pa simenti yonyowa. Anafunafuna mawu m'Chichewa, ndipo ulendo uno sichinamuthere panjira.

“Sekuru, ndakulakwirani. Ndinakunamizani inu mukundikhulupirira. Pepani.”

7. Mawu a Sekuru

Sekuru sanafulumire kumudzutsa. Anakhalanso pa ndowa yawo ija.

“Nambala yolakwika sindikukwiyira nayo,” anatero. “Ine ndinaonongapo mpunga wa anthu mazana awiri ndili mnyamata, kapitawo anandithamangitsa ndi chikuni. Kulakwa kuli m'khitchini iliyonse. Chimene chandipweteka ndi cha m'mawa uja. Maso anga anandiuza kuti masamba achuluka. Dzanja langa linandiuza. Koma ndinakufunsa iwe m'chilankhulo cha makolo ako, unandiyankha kuti katatu, ndiye ndinasiya maso anga n'kutsata iwe. Ukudziwa chifukwa chake? Ndinati mwina ndakalambadi, mwina mwana wa sukulu akuona zimene ine sindiona. Kuyambira m'mawa mpaka pano ndakhala ndikudzikayikira ndekha, pa ntchito imene ndaigwira moyo wanga wonse. Usadzachitenso zimenezo kwa munthu wosadziwa kuwerenga. Ife pepala sitingalitsutse. Amene wagwira cholembera wagwira pogona pathu.”

Estele analira, osabisa.

“Dzuka. Misozi siyeza kanthu. Makhadi unalemba angati?”

“Makumi atatu ndi awiri.”

“Angati unayeza pa sikelo?”

“Khumi ndi asanu ndi atatu. Enawo ndinachita ngati la nyemba.”

Mai Kuda anagwira pakamwa. Anapita kukhoma n'kuyamba kuchotsa makhadi limodzilimodzi. Atamaliza anatenga epuloni ija pa tebulo, naipereka kwa Sekuru ndi manja awiri.

“Ndine urombo, Sekuru, pepani. Munandiuza m'mawa, ine sindinamve. Valani. Kiyi wanu palibe amukhudze.”

Sekuru anavala. Estele anatsuka kapu, naipukuta, naibweza ndi manja awiri. Iwo sanailandire.

“Ikhale kaye kwa iwe. Makhadi khumi ndi anayi akudikira. Yamba ndi la mchere, lisanaphe munthu.”

8. Pa geti

Mai Kuda anayang'ana wotchi ya pakhoma. Inali itatsala mphindi khumi kuti ikwane 4 koloko.

“Estele, za Sekuru zatha kwa ine, koma kunjaku sizinathe. Amuna aja achoka pano akudziwa kuti wolakwa ndi mdala, ndipo komboni yonse yamva kale. Zimene wanena munozi ukazinenanso pamaso pa mwini kampani ndi komiti, ndi sikelo yomweyi. Za ntchito yako sindingakulonjeze kanthu.”

“Ndikanena, Mai.”

Christine anapukusa mutu n'kubwerera ku mashelefu ake. Estele anatola masamba a anyezi otsala, nawaika m'mbale pamodzi ndi mpeni. Ananyamula sikelo kudzanja lamanzere, kapu ya Sekuru kudzanja lamanja, naima pakhomo la khitchini.

Galimoto ya mwini kampani inali ikulowa pa geti, fumbi lili m'mbuyo. Pambali pake pankayenda amuna atatu a komiti. Patsogolo panali a Chrispen, atasamba, atavala malaya oyera, m'manja muli pepala lofuna kuti Sekuru Pensulo achotsedwe ntchito.

Atamuona mwana wawo pakhomo anamwetulira.

“Wachita bwino kubwera ndi sikelo, mwanangu,” anatero. “Uwaonetse anthuwa mmene khadi lako linanenera.”